Ndinagula penti, makina anali banyira

Munthu akapuma pantchito amadwala matenda amene kuchipatala sawadziwa. Ena amayamba kuweta nkhuku, nkhukuzo n'kutha ndi chitopa. Ena amatsegula golosale, katundu n'kuthera m'mimba mwa adzukulu. Ine matenda anga anabwera atavala ovolosi: ndinafuna kukhala mmisiri wa zitsulo. Zaka 31 ndinali kudinda makalata mu ofesi, ndipo chitsulo cholemera kwambiri chimene ndinanyamulapo ndi chidindocho, koma m'mawa wina ndinadzuka ndili wotsimikiza kuti ndinabadwa injiniya, kungoti aphunzitsi a masamu anandisokoneza.

Chinayambitsa ndi chigayo cha alamu anga. Shafiti inadyeka, ndiye ananditenga kuti ndiwaperekeze ku Ndirande kwa madala wina amene ali ndi makina otchedwa lathe. Kwa inu amene simunawaonepo, taganizani kusenda lalanje, koma lalanjelo ndi limene likuzungulira, mpeni wangoima pamalo amodzi. Chitsulo amachilumitsa m'kamwa mwa makinawo, pamene amisiri amati chuck, chimazungulira, ndipo kampeni kolimba kamachipala pang'onopang'ono mpaka chifike pa mulingo umene munthu akufuna. Madala aja anawotcherera podyekapo, n'kupala mphindi makumi awiri, tizitsulo topotana tikugwa ngati tsitsi la kometa, kenako anatchula mtengo wolingana ndi masiku awiri a malipiro anga akale. Alamu anapereka osanyinyirika, n'kuthokozanso.

M'minibasi pobwerera ndinayamba masamu aja amene ndinalephera ku sekondale. Mphindi makumi awiri zokha ndalama zoterozo, nanga tsiku lonse, nanga mwezi? Pofika pa Ginnery Corner n'kuti nditamanga kale nyumba yosanja ku Nyambadwe, ndikukangana ndi mayi akunyumba za mtundu wa makatani.

Mwezi wotsatira ndinatha mabando ndikuonera azungu pa YouTube. Onse ndi nkhalamba za ndevu zoyera, ali m'magalaja oyera ngati chipinda cha opaleshoni, akusisita makina awo ngati ng'ombe yamkaka. Ndinaloweza mayina: Myford, imene ankapanga ku Nottingham, Colchester ndi Harrison, za ku England komweko, South Bend ya ku America. Ndinaphunziranso kuti Henry Maudslay wa ku London anakonza lathe yodula mazinga a mabawuti cha m'ma 1800, ndipo nkhaniyi ndinaifotokoza pa maliro awiri ndi pa chinkhoswe chimodzi popanda wondifunsa.

Mayi akunyumba anamvetsera zonsezi akusankha nyemba.

"Abambo, makinawo munawagwirako?"

"Ndawaona kambiri."

"Inenso ndege ndaiona kambiri."

Ndinawauza kuti anthu opanda masomphenya ndi amene akubwezera dziko lino m'mbuyo. Iwo anati masomphenya anga apitawo, makina oswera mtedza, adakali kuseri kwa bafa, nkhuku zikuikiramo mazira, ndiye mwina n'zoona kuti anapindula.

Yatsopano sindikanaikwanitsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chinthu chochokera kunja umangochipatsa moni n'kudutsa. Ndiye ndinauza dobadoba wina kuti andisakire yogwiritsidwapo kale. Sipanathe sabata, foni: "Bwana, yapezeka ku Limbe. Ndi ya ku England yeniyeni. Mufulumire, pali mmwenye wina akuifuna mawa." Ndaona kuti chilichonse chimene ndinagulapo pa moyo wanga, kuyambira wailesi mpaka poloti, pamakhala munthu wina amene akuchifuna mawa, ndipo sindinakumanepo naye.

Alamu anati titenge madala a ku Ndirande aja akatiyang'anire. Madalawo anapempha ya transipoti ndi kenakake kogulira sopo. Ndinakana. Ndilipire munthu kuti akandionere chinthu chimene ndili ndi maso anga awiri, magalasi pamwamba? Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, koma mwambi umenewu ndinkauona ngati wonena anthu ena.

Makinawo tinawapeza kuseri kwa shedi ina, atafundidwa lona. Atavundukula, mtima wanga unagunda ngati tsiku limene ndinakafunsira mbeta. Obiriwira, onyezimira, penti ikununkhabe. Anapenta paliponse: thupi, miyendo, zogwirira, mabawuti, ngakhale kachitsulo kolembedwa dzina la kampani, moti chimene chinkawerengeka ndi mawu oti England basi. Mwiniwake anati makinawo anali a mzungu wina amene ankangowagwiritsa ntchito Loweruka masana, akafuna kupumitsa mutu.

Tsono ndinayamba kuyendera. Ndinazungulira katatu manja ali kumbuyo, monga ndinkaonera mabwana akamayendera ofesi yathu. Ndinamenya mwendo umodzi ndi nsapato, ngati mmene timachitira ndi matayala a galimoto. Ndinagogoda pamwamba ndi chala n'kutchera khutu, ngati ndikugula chivwende. Ndinapukusa chogwirira china, chinachake n'kusuntha, ndipo ndinagwedeza mutu mwanzeru.

"Tingayatse?" anafunsa alamu.

"Aa, pepani bwana, magetsi angothima kumene."

Pano ndiye pamene munthu wanzeru akananena kuti ndibweranso akayaka. Koma kwathu kuno mawu oti magetsi athima sakayikitsa munthu, ali ngati kunena kuti kunja kwacha. Sindinaone n'komwe kuti wailesi ya mlonda inali pa soketi, ikuimba bwinobwino. Alamu ndiwo anandikumbutsa zimenezi patapita milungu itatu, ndipo akhala akundikumbutsa mwezi uliwonse.

Mtengo sinditchula, chifukwa apongozi amawerenga nyuzipepala ino. Ndingoti ndinanenerera mwamphamvu, iwo anatsitsa msanga, ndipo kutsitsa msangako ndinakuyesa umboni woti ndimadziwa kunenerera.

Kunyamula. Makina amenewa amaposa theka la tani, ndipo kulemera kwake kuli kumtunda ndi mbali imodzi, kumene kuli magiya ndi chuck. Miyendo ndi yopyapyala, mutu ndi waukulu, ndiye ukawapendeketsa pang'ono amafuna kugona. Ndinalemba aganyu asanu ndi atatu, aliyense ndi nzeru zake, ndipo wamkulu wa onse ndinali ine amene ndinali ndisananyamulepo kanthu. Tinawagubuduza pa mapaipi, tinawakweza pa lole ndi matabwa, anapendama kawiri, mnyamata wina anaitana amake. Titafika kunyumba tinapeza kuti chitseko cha sitolo yanga n'chaching'ono. Kuyeza ndinayeza ndithu, koma ndinayeza ndi maso. Tinagumula felemu ndi njerwa mizere iwiri, anthu a m'dera lonse ataima pampanda, ena akufunsa ngati ndi chigayo, mayi wina atabwera kale ndi chimanga m'beseni. Titawakhazika, simenti ya pansi inalira kuti thee, mng'alu n'kuyenda mpaka pakhomo.

Usiku umenewo ndinagona ngati mwini fakitale. M'mawa ndinatenga chingwe kuti ndilowetse pa soketi, ndipo ndinapeza kuti mawaya ake ndi ochuluka kuposa mabowo. Mnyamata wokonza magetsi anabwera, anapala penti pa kachitsulo ka mota ndi mpeni, anawerenga, n'kuseka mwaulemu.

"Adadi, iyi ndi three-phase."

Anandifotokozera ngati mwana wa Sitandade 2. M'nyumba zathu muli magetsi a single-phase, waya wamoto umodzi, mavoti 230. Mota ya makina anga imafuna mawaya amoto atatu, mavoti cha m'ma 400, ngati a kuchigayo. Njira zilipo zitatu: kukokera three-phase kunyumba, kugula kabokosi kotchedwa inverter kosandutsa magetsiwo ngati motayo ingalole, kapena kuchotsa motayo n'kuikapo ya single-phase. Njira zonse zitatu zinali ndi chinthu chimodzi chofanana, ndipo chinthucho chinali m'thumba mwanga. Ndinasankha yachitatu, mota yakale ya mahosipawa awiri, ndipo ndalama yake mayi anakatenga ku banki m'khonde atandilumbiritsa pamaso pa ana. Mpaka lero ndikayatsa, mababu a nyumba yonse amaphethira, ndipo mayi amakuwa ali kukhitchini kuti, "Fakitale yatsegula!"

Itazungulira koyamba inalira ngati lole yokwera Zomba itasenza njerwa. Apa ndipo ndinameza malovu, n'kupita ku Ndirande kukawatenga madala aja. Ya transipoti ndinalipira, ya sopo ndinalipira, ndi ya Fanta yomwe.

Madala analowa m'sitolomo, anayang'ana penti, sananene kanthu. Anavula jekete, anapinda malaya mpaka m'zigongono, anapempha palafini ndi kansanza. Anapukuta njanji ziwiri zimene chonyamula mpeni chimayendapo, zimene amisiri amazitcha bed, ndipo anayendetsa chikhadabo chawo pang'onopang'ono kuchokera kumchira kupita kumutu. Pafupi ndi chuck chikhadabocho chinakodwa. Anatenga chala changa n'kuchiika pomwepo. Panali kamzere, ngati pamene madzi akumba m'mbali mwa msewu.

"Bwana, bedi latha."

Mayi, amene anali pakhomo ndi tiyi, anati, "Limenelo ndakhala ndikuwauza zaka zisanu, sakumva."

Madala anafotokoza kuti ntchito zambiri pa lathe zimakhala zazifupi, ndiye chonyamula mpeni chimangoyenda malo amodzimodzi pafupi ndi chuck, chaka ndi chaka, mpaka njanjiyo imakumbika pamenepo pomwe kumchira ili yatsopano. Anandionetsa mmene amayesera popanda chida chilichonse. Anachibweretsa pafupi ndi chuck, anamanga kabawuti kake pang'ono kuti chiziyenda mogwiragwira, kenako anayamba kupukusa kupita kumchira. Chisanafike n'komwe pakati chinakakamira, osasunthanso. Pa makina abwino, anatero, chikanayenda chimodzimodzi mpaka kumapeto. Kuyesa konseku kunatenga mphindi ziwiri, ndipo sikufuna magetsi. Mawu oti sikufuna magetsi anawabwereza kawiri akundiyang'ana.

Kenako anagwira kachogwirira kamene kamalowetsa mpeni m'chitsulo. Anapukusa kupita kutsogolo, n'kubwezera m'mbuyo. Dzanja linayenda pafupifupi theka la mzunguliro mpeni usanasunthe n'komwe. Kuseweraku, anati, kulipo pa makina alionse akale ndipo mmisiri amakuzolowera, koma kukafika apa ndiye kuti nati ya mkati yatsala mazinga a chikumbutso. Anamanga chitsulo chachitali mu chuck, anatulutsa kawotchi koyezera m'thumba, anakagunditsa pamwamba pake, n'kunyamula chitsulocho ndi dzanja. Muvi wa kawotchiko unavina. Ma-bearing a mkati, anatero, mwina angofunika kumanga, mwina atha, tidziwa tikatsegula. Titatsegula chivundikiro cha magiya tinapeza oyilo wakuda ngati phula, ndipo pansi pake madala anavuula dzino lachitsulo n'kundipatsa m'manja ngati dokotala wa mano. Giya imodzi inali ndi magweru. Kulira kwa lole kuja kunali kumeneko.

"Mzungu wa Loweruka masana uja," anatero madala akupukuta m'manja, "ayenera kuti kwawo sabata yonse ndi Loweruka."

Chomaliza anapala chitsulo chotalika ngati chikhatho, osachigwiriza kumchira, kupala kopepuka kamodzi, n'kuyeza nsonga zonse ziwiri ndi micrometer. Zinasiyana ndi 0.2 ya milimita. Ine ndinaseka, ndinati madala, kameneko ndi kanthu? Ndi makulidwe a mapepala awiri okha, ine mapepala ndimawadziwa. Iwo anati pa mpini wa khasu si kanthu, koma pamene pakhala bearing timawerenga magawo a milimita ogawa ka 100, ndipo mapepala awiri anuwo ndi kusiyana kwa chigayo chogaya ndi chigayo chowotcha. Makina anga, mwachidule, sadziwa kupanga chinthu chowongoka. Chilichonse amachisongola pang'ono ngati karoti.

Ndinaganiza kuti zatha, koma madala anafunsa, "Bokosi lili kuti?"

"Bokosi lanji?"

Lathe yakale imayenera kubwera ndi katundu wake: magiya osinthira podula mazinga, mano achiwiri a chuck ogwirira zinthu zazikulu, chuck ina ya mano anayi yogwirira zinthu zosabulungira, chogwiriza zitsulo zazitali, mipeni, masipanala ake. Ine ndinangopatsidwa kiyi wa chuck mmodzi, wowotcherera. Madala anati zinthu zimenezi kuzigula pachokhapachokha zingathe kufika mtengo wa makina enieniwo, ndipo zina sizipezeka, chifukwa mano a chuck ina salowa pa inzake. Ndinaimbira dobadoba uja. Foni yake inandiuza kuti sakupezeka, ndipo ikundiuzabe.

Nkhani ya magiya ndi imene inandimaliza. Cholinga changa chachikulu chinali kudula mazinga a mabawuti a galimoto ndi a njinga zamoto za akabaza. Koma makina anga ndi a nthawi ya mainchesi, nthawi ya mazinga a Whitworth amene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841. Toyota ndi njinga zonse zili m'tauni muno mabawuti ake ndi a mamilimita. Kuti lathe ya mainchesi idule mazinga a mamilimita ndendende imafuna giya ya mano 127. Ndinafunsa kuti bwanji 127, osati 120 kapena 130, nambala zaulemu. Madala anatola msomali n'kulemba pa simenti yanga yong'aluka ija: inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4, chotsani kadontho mupeza 254, gawani pawiri mupeza 127, ndipo 127 sagawikanso ndi nambala ina iliyonse. Mkulu amene sanavalepo taye anandiphunzitsa masamu atagwada pansi, ine mwini satifiketi ndikungoti eya, eya, ngati mboni yabodza.

Ndinawafunsa mwakachetechete, mayi asamve, ngati ndaponya ndalama m'chimbudzi. Anati ayi. Chitsulo chake n'chabwino, cha kale, cholemera, sichinjenjemera. Bed angathe kulinola ku makampani a makina akuluakulu, koma mtengo wake ndi wogulira lathe ina. Giya ya magweru ingathe kuwotchereredwa ndi mkuwa n'kusemedwanso mano. Nati ingapangidwe. Ndipo ngakhale pa bed lakutha, munthu wodziwa amatulutsapo ntchito zazifupi: mabushi, mapini, mawashala, ma-pulley. Amadziwa pamene makina amanama, n'kumawabwezera ndi dzanja. "Makinawa, bwana, akanakhala kwa ine akanadyetsa banja. Chikhala mukananditenga, mukanagula pa theka la mtengo, chifukwa chilichonse ndakuonetsanichi chikanakhala chotsitsira." Apa ndinawerengera ya transipoti ndi ya sopo imene ndinapulumutsa tsiku lija, ndipo ndinapempha mpando.

Asanapite anandipatsa malamulo. Taye ayi, malaya a manja aatali ayi, magolovesi ayi, mphete ayi, chifukwa chozungulira chikagwira nsalu sichifunsa kuti mwini wake ndani. Magalasi oteteza maso nthawi zonse. Tizitsulo topotana tija osatigwira ndi manja, ndi malezala. Ndipo koposa zonse, kiyi wa chuck asatsale pa chuck, dzanja likachoka nayenso achoke. Ndinawauza kuti zimenezo ndi za ana, ine ndinasunga makiyi a ofesi zaka 31 osataya ndi mmodzi yemwe.

Linali Lachinayi pamene ndinaiwala. Ndinayatsa, ndinamva kuti phaa, ndipo kiyi uja anadutsa pafupi ndi khutu langa, anaboola lata, n'kukatera m'munda wa masamba wa aneba. Ndinathimitsa makina, ndinakhala pansi, ndinapemphera pemphero lalifupi koma lochokera pansi pa mtima. Bowolo lilipo mpaka lero. Dzuwa likafika pamutu limaponya kadontho ka kuwala pa chuck penipeni, ndipo mayi amati ndi chala cha mngelo chikundilozera.

Kasitomala wanga woyamba anali mnyamata wa kabaza amene ankafuna kabushi ka gudumu. Ndinamuuza kuti abwere pakatha ola. Anabwera mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinawononga chitsulo chokwana mabushi asanu ndi limodzi: koyamba kanakula, kachiwiri kanachepa, kachitatu kanatuluka ngati karoti uja, kachinayi sindikufuna kukambapo. Kachisanu ndi chimodzi kanalowa titakamenya ndi hamala. Mnyamatayo anandiyang'ana, anayang'ana thukuta langa, n'kundipatsa K2,000, ndipo ndikukhulupirira kuti inali ya chipepeso. Ndinaiika mu envelopu, ndinalembapo deti, mwambo wa ku ofesi.

Pano Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kupita ku Ndirande, kumene ndimasesa tizitsulo, kuthira oyilo ndi kunola mipeni pa shopu ya madala aja, amene tsopano ndimawatcha aphunzitsi. Anyamata a pamenepo amanditcha apulentisi wa penshoni. Miyezi inayi yapita, ndipo sabata yatha ndinapala pini imene aphunzitsi anaiyeza, n'kuiyezanso, n'kungoti, "Hmm." Anyamata akuti chiyambire sanamvepo madalawo akuyamikira munthu chotero. Alamu nawo akuti ndikatopa ndikawasiyire makinawo kuchigayo, poti three-phase ali nayo kale, ndipo akunena ndi nkhope yachifundo imene sindikuikhulupirira.

Nyumba ya ku Nyambadwe ija tayamba taiimika. Kumchira kwa lathe, kumene njanji zake zidakali zatsopano, mayi apezako malo abwino oumitsirapo mbale, akuti mpamwamba bwino, agalu safikapo.

Tsono inu awerengi, makamaka amene agogo anu anagwirapo ntchito ku njanji, ku mashopu a esiteti za tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena amene anabwera ndi mabokosi kuchokera ku Joni: kafufuzeni pansi pa bedi ndi kuseri kwa nkhokwe. Mukapeza gudumu lachitsulo la mano ang'onoang'ono, lokhala ngati mbale ya nsima, musalipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Werengani manowo. Akakwana 127, tumizani uthenga kudzera kwa mkonzi wa nyuzipepala ino. Ndibwera ndi madala, ndipo musavutike kulipenta.